Mzere wa Makapulana Achikasu

Ivete anazungulira mtengo wa mango wa pachipatala cha ku Insaca mpaka mapazi kutuwa ndi fumbi. Zenera lolandirira ma ARV linali pomwepo, koma linayang'anizana ndi geti, ndipo pagetipo panali mlamu wake Josefina akugulitsa nthochi. Josefina ameneyu, nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana imakhala itafika kudera la Chiuta osakwera shapa, minibasi ya kuno.

Mwezi watha Ivete anabwerera chimanjamanja chifukwa cha mantha omwewa. Anamwino anali atamuuza mosapsatira kuti mimba yakula, ndipo akapitiriza kujomba mankhwala mwana angabadwe ndi kachilombo. Mwanayo ankamufuna ndi mtima wonse. Koma pakamwa pa anthu ankapaopanso koopsa.

Kenaka kunamveka nthungululu. Chigulu cha amayi ovala makapulana, zitenje zachikasu zofanana, chinalowa pageti chikuseka ngati chikupita ku ukwati. Insaca yense ankawadziwa kuti ndi amayi a mankhwala, amene amabwera pamodzi tsiku lolandira. Patsogolo panali mayi Mastura, ogulitsa nsomba zouma za ku Amaramba, athupi lawo, olankhula mosanong'ona. Amiseche anawanena mpaka malovu kuuma, iwo osatekeseka.

"Josefina, utisungire zakupsa bwino!" anakuwa mayi Mastura. "Tikalandira mankhwala tibwera, njala yake si yamasewera!"

Atafika pamtengo paja anaima n'kumuyang'ana Ivete kuyambira kumutu mpaka kumimba.

"Mwanawe, mango sanayambe kupsa. Ukulondera chiyani pamenepa?"

"Amayi, pageti pali alamu anga," Ivete ananong'ona, misozi ili pafupi.

Mayi Mastura sanafunsenso. Anasolola kapulana wachikasu m'dengu, n'kumufunditsa kuyambira kumutu, n'kumukankhira pakati pa gulu. Nyimbo inayamba. Amayi anathithikana pazenera, uyu akuvina, uyu akukupiza mpango, wina akufunsa anamwino ngati anagona bwino. Josefina anatalikitsa khosi mpaka kasitomala kumukumbutsa za nthochi zake, koma ankangoona chikasu chokhachokha. Dzanja lolandira silinkadziwika mwini wake.

Botolo litalowa m'chikwama, Ivete anamva thupi lonse kupepuka. Anaseka, koyamba chiyezetsereni magazi. Anayang'ana mayi Mastura akupukuta thukuta, masaya ali phwii, mikono yonyamula dengu la nsomba popanda wothandiza. Ngati munthu angakhale ndi kachilombo zaka zonsezi n'kumaoneka chonchi, ndiye kuti iyenso adzalera mwana wake mpaka kumuvinira pa ukwati.

Ivete atafuna kubweza kapulana uja, mayiwo anakana. "Ndi wako. Mwezi wamawa ubwere utavala, tikupeza panjira."

"Zikomo amayi, mwandichotsa manyazi. Ndikufuna ndizichita monga inu. Kodi anu mumamwa nthawi yanji, m'mawa kapena madzulo?"

Mayi Mastura anaseka mpaka kugwira mtengo.

"Ine? Ndilibe kachilombo, mwanawe, ndayezetsanso posachedwapa. Theka la achikasufe timangobwera kudzadzaza mzere, kuti wolandira asaime yekha."