Goli la Khosi Limodzi

Padangokhala, kale misewu ikadali ya fumbi, ng'ombe zimene zinkakoka ngolo za Nyani. Zinkayenda ziwiriziwiri pagoli, ina ikatopa inzake n'kulimbikira. Pamtsinje zinkamwa mosathamanga, zikunyambitana zipsera za m'khosi. Anali masiku okoma amenewo.

Chaka china Nyani anadandaula kuti madeya akwera mtengo. Kakowa, amene ankalankhulira gululo, anabwera ndi uthenga.

"Abale anga, bwana akuti sachotsa aliyense, bola muzikoka mmodzimmodzi, mosinthana."

Ng'ombe yokalamba inapukusa mutu. "A Kakowa, khosi lanu loyeralo silinalawepo goli. Tikamuonetsa kuti mmodzi angathe, winayo adzamusungiranji?"

"Agogo, kodi tizidya mwambo?" anatero Kakowa. Zonse zinaseka, n'kuvomera.

Zinakokadi imodziimodzi, poopa kutaya ntchito. Nyani ataona kuti katundu akufikabe, anasema magoli a khosi limodzi, ndipo theka la khola analipereka kwa ogula nyama, kuyambira yokalamba ija.

Kakowa anaitanitsa msonkhano wodandaula, koma anafikapo yekha. Zotsalazo zinali kutali m'misewu, iliyonse ndi ngolo yake.

Nthano yanga yamasulidwa pamenepa.