Tsitsi la Japhet Lakana Kugona

Sailesi, wometa wa ku Tsakane ku Joni, atamatula timapepala tomwe anapanikizira tsitsi, Japhet anayang'ana pagalasi. Tsitsi linali chiimire, khungu la pamutu likuwotcha ngati ampaka tsabola.

"Achimwene, si munati mankhwala a ku Koreawa amagoneka tsitsi lolimba?"

"Pavidiyo linagona ndithu," anayankha Sailesi akukanda m'khosi. "Kungoti anyamata a pavidiyowo lawo ndi lowongoka kale."

Kapitawo wa alonda ku Wadeville, komwe Japhet ankagwira ntchito, anali atanena poyera kuti tsitsi la Japhet ligone, apo ayi ntchito yatha. Chonsecho la kapitawoyo limafika m'mapewa, ndipo palibe amamufunsa.

Japhet anakukuta mano. Tsitsili analisunga chifikireni ku Joni.

"Tengani mashini," anatero. "Metani mpala, kapitawoyo akasangalale."