Maswiti a M'thumba la Kadona

Mayiwo anakhala pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi zenera losatseguka. Mwana wawo, Kadona, anali chigonere kuseri kwa katani kumapeto kwa khonde, diripi ili pamkono. Adokotala anangoti, "Dikirani panja, mayi." Wokolopa, atatopa ndi kuwazungulira m'khondemo, ndi amene anawalozera muno, m'phunziro la amayi a ana odwala shuga.

Aka kanali koyamba kuti mayi a Kadona alowemo. Chiyambire matendawa, wobwera ndi mwana kuchipatala anali bambo ake, iwo n'kumatsala pa makina osokera. Dzulo bambowo ananyamuka ulendo wautali pa thiraki. "Usadandaule, Kadona akudziwa zonse kuposa ine," anatero akukwera.

Kutsogolo nesi anali atayala zakudya patebulo: buledi, mazira, kabichi, nthochi, botolo la chakumwa chotsekemera. Anajambula mbale pabolodi n'kuidula pakati. Theka lonse, masamba.

"Nanga wangayu akamati masamba ndi a mbuzi, nditani?" anafunsa mayi wina wa wigi yofiira.

"Muzidya naye limodzi, mbuzi zikhale ziwiri," anayankha nesi.

Chipinda chonse chinafa nalo phwete. Mayi a Kadona sanaseke. Mawu ankangowadutsa ngati wailesi ya kwa aneba. Dzanja lawo linali m'chikwama, litafumbata maswiti atatu a pepala lobiriwira.

Anawapeza m'mawa, m'thumba la yunifolomu, atangomubaya jakisoni mwanayo. Kadona anali ataluma buledi kamodzi kokha n'kumusiya, poti linali tsiku la masewera ndipo ankaopa kuchedwa.

"Amayi, amenewo ndi..."

"Tseka pakamwa! Ukufuna undifere?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi, anamanga nsapato, napita.

Kunyumba anali atathamangitsako shuga kalekale. Ngakhale alendo ankamwa tiyi akukwinya nkhope. Koma mwana ndi mwana. Atatu anamulanda, ena ayenera kuti anawabisa m'sokosi. Aphunzitsi amene anathamanga naye kuno anafotokoza okha: ali mkati mothamanga pabwalo anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, dzanja likupisapisa m'thumba mpaka anagwa. Mpaka pogwa, mtima uli pa maswiti.

Chinatsala n'kudziwa womupatsa. Azakhali ake aja, odziwa kulera ndi zotsekemera? Kapena wa kagolosale ka pageti la sukulu? Mayi a Kadona ankangofuna amudziwe munthuyo, amuyang'ane m'maso, amuonetse maswitiwo. Anaufunafuna mkwiyo m'chifuwa koma sanaupeze. Munali zii, ngati mwendo wochita dzanzi.

M'khonde munadutsa bedi la matayala, likulira tayala limodzi. Mayiwo anatembenuka. Sanali Kadona.

Nesi anafufuta mbale ija pabolodi, n'kudzipukuta choko m'manja.

"Chomaliza, amayi. Ichi chokha musachiiwale, ngakhale mutaiwala zonse ndanenazi. Shuga samangokwera ayi, amatsikanso. Mwana wabayidwa jakisoni, sanadye mokwanira, kenako wathamanga. Akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, pamenepo kabichi alibe ntchito."

Anakoka dirowa, natulutsa chibotolo chodzaza maswiti a pepala lobiriwira.

"N'chifukwa chake mwana aliyense ndimamuikira ndekha atatu m'thumba. Ana anu akudziwa. Asachokemo."

M'chikwama muja, maswiti anali atayamba kusungunuka m'dzanja la mayi a Kadona.