Maina a Pachikuto

"Tandipatsa ndione," anatero mayi Bahiga, amayi ake a Raouf, akuloza mapepala a nyimbo amene anali pa piyano.

Anabwera kudzaona ngati ndingayenere kukhala mpongozi wawo, ndipo amayi anga anandikakamiza kuti ndiwaimbire nyimbo yachikondi ya Chitaliyana. Za maina olembedwa pa chikuto cha mapepalawo tonse tinaiwala.

Kumalo omwera mowa a kudoko la Alexandria, woimba akamasiya ntchito ankasiyira mnzake mapepalawa, wolandirayo n'kulemba dzina lake pansi pa enawo. Lomaliza linali la amayi anga: Widad. Banja la Raouf silikanalola mwana wa woimba wa kumowa.

Amayi anga anagwetsa supuni. "N'zakalekale izo, mayi, zikudetsani m'manja."

"Fumbi linapha ndani?"

Mayi Bahiga anayamba kuwerenga mainawo chamumtima. Kenaka chala chawo chachikulu chinakwera n'kuphimba dzina lachiwiri, koma ine ndinali nditaliona kale: Bahiga.

"Imba, mwana wanga," anatero. "Koma pa tsamba lachitatu ukoke mpweya msanga. Pamenepo pamatsamwitsa."

Chalacho sanachichotsepo.