Tsiku Limene 17 Inatuluka

Ndinawachenjeza alamu anga tsiku lomwe anafika kuti timipira ta lotale sitikumbukira za sabata yatha. Zimenezi tinaphunzira ku sekondale. Iwo anaseka, bambo a mwana nawonso anaseka.

Miyezi inayi alamuwo anakhala akugona m'chipinda chimene tinakonzera mwana wathu. Khoma lonse analidzaza ndi mapepala a manambala amene anatuluka zaka zitatu zapitazi, ine n'kumangokhalira kutola timapini pansi, poti mwanayo wayamba kukwawa.

"Mlamu, 17 yatha masabata makumi anayi osatuluka," ankatero. "Yapsa imeneyo. Tsiku limene idzatuluke, ine ndasamuka muno."

Loweruka madzulo tonse tinali pa TV, mwana ali pamiyendo panga. Kampira koyamba kanagubuduka: 17.

Alamu anaimirira, manja m'mwamba. Kenako timipira tisanu totsalato tinatuluka, popanda ndi kamodzi komwe kofanana ndi tikiti yawo.

"Achimwene, masamu anu ndi oona ndithu," anatero bambo a mwana, akudziluma mlomo kuti asaseke. "Yatuluka. Ndikutsitsireni chikwama?"

Alamu anayang'anitsitsa tikitiyo, kenako anayang'ana mwana akuyamwa chala chake chakuphazi. Anaseka chapansipansi.

"Ndinanena ndekha. Basi yoyamba imanyamuka nthawi yanji?"

"Kusanache," ndinayankha mofulumira kuposa mmene ndinkafunira.

"Ndikwera yomweyo."

Ndinapereka mwana kwa bambo ake, n'kupita kukawasitira alamu malaya, ndikung'ung'udza kanyimbo.