Adalaivala Awoloka Mchenga

Tayala lakutsogolo litafika poyambira mchenga wa mtsinje wouma, Adalaivala anaima n'kutsitsa phazi pansi. Anapuma pantchito yoyendetsa mabasi chaka chatha, koma kanjinga kamoto aka kanali katawagwetsa pamalo omwewa m'mawa wonse. Chigongono chinkawawabe.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankawaphunzitsa, anafika akupukusa mutu. "Ababa, amayi anenetsa kuti mukagwanso, njingayi igulitsidwe. Mukaona mchenga mukumachepetsa moto, ndiye tayala likumatitimira. Imirirani, musayang'ane pansi. Yang'anani mtengo uwo kutsidyako."

"Basi sindinkayendetsa choimirira ine."

"Iyi si basi. Ilekeni ivine, musalimbane nayo."

Adalaivala anatsitsa galasi la chipewa chotetezera mutu n'kuponda giya. Atangolowa mumchenga, chiwongolero chinayamba kugwedezeka ngati chikufuna kuwapulumuka m'manja. Mtima unkati achepetse moto. Koma iwo anaimirira, maso ali pamtengo, n'kuwonjezera moto pang'ono. Njinga inapepuka. Inavinira kumanzere, inavinira kumanja, mchenga ukuuluka kumbuyo, kenako matayala anagwira nthaka yolimba ya kutsidya.

Anazimitsa injini. M'chipewa munkamveka phokoso lachilendo, ndipo anazindikira kuti ndi iwo eni, akuseka ngati kamwana.

Mwana uja anawoloka wapansi ali wefuwefu, foni ili m'manja. "Ababa, pepani, sindinajambule. Ndinatsinzina."

Adalaivala anakweza galasi, anapukuta misozi, n'kutembenuza njinga kuloza kumchenga konkuja. "Ndiye tsegula maso, mwanawe. Ndikubwereranso."