Kabokosi ka a Levison

Tabita anaimika njinga yamoto kumtunda kwa dambo, kalata yochotsa a Levison pa ntchito ili m'chikwama. Anailemba m'mawa womwewo, ndipo chinangotsala n'kusaina. Koma ankafuna awagwire kaye ndi umboni, chifukwa munthu amene anaphunzitsa theka la Nsaru kuwerenga sungamuchotse ndi zongoganizira.

Tabita ankayang'anira kafukufuku wa achule m'madambo khumi ndi awiri. Pa dambo lililonse anamangirira kumtengo kabokosi kojambula mawu, kamene kankadziyatsa kokha dzuwa likamalowa. Panalinso munthu wongodzipereka, wosalipidwa, amene Loweruka lililonse ankasintha mabatire ndi kakhadi kosunga mawuwo. Akatero ankaima mphindi khumi kumvetsera ndi makutu ake, n'kulemba pa fomu: ziro kukakhala zii, 3 achule akamasokosa mogonthetsa m'khutu.

Chiyambireni mvula, mafomu anayi a Levison anali ndi 3 yekhayekha, wolembedwa mwaudongo ngati wa pa bolodi. Koma makhadi awo ankanena zina. Tabita anawamvetsera mpaka mutu kumuwawa: mphepo, mvula, ng'ombe, belu la tchalitchi chapatali. Chule ndi mmodzi yemwe ayi. Chikhalirecho chaka chatha kabokosi komweko, pa mkuyu womwewo, kankabwera ndi phokoso loti munthu n'kutseka makutu.

Zoterezi sizinali zachilendo. Wina ku Kabudula, poopa akuba, ankagona nako kabokosi kuchipinda, ndipo Tabita analandira mkonono wa milungu iwiri, wa bambo ndi mayi omwe. Ameneyo anangomuseka n'kumukhululukira, poti anavomera yekha. Koma a Levison, mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, munthu amene iye ankamutchula pa misonkhano kuti anzake atengere chitsanzo! Zinamupweteka kwambiri, ndipo kupwetekako kunasanduka ukali.

Anawapeza ataima kale pansi pa mkuyu, chipewa chili m'manja. Kabokosi kanali pamalo pake, inde. Tabita sanadabwe. Anali atawaimbira foni masana kuti akubwera, ndipo kuchokera kunyumba kwawo kufika pamtengopo, ngakhale nkhalamba siitha mphindi zisanu.

M'dambo madzi anali tho. Madimba a tomato chaka chino anali atatsikira mpaka m'mphepete, ndipo bambo wina amene ankatsuka chopopera mankhwala m'madzimo anawapatsa moni n'kumapita.

Moni wa Tabita unali waufupi. Anawafunsa ngati kabokosiko kanachokapo pamtengo, ngakhale tsiku limodzi. Iwo anati ayi, koma mawu anatuluka ngati a mwana wa sukulu amene sanalembe homuweki. Maso anali pansi, zala zikupinda ndi kupindula mlomo wa chipewa. Tabita anaona zonsezo, ndipo mtima wake unamuuza kuti mlandu watha.

"Ndiye tidikira limodzi, aphunzitsi," anatero akutulutsa foni. "Dzuwa likalowa ndijambula pompano, tiyerekeze ndi za pa makhadi anu. Mundiuze kuti kabokosi kali pamtengo uno kangalephere bwanji kumva zimene inu mwakhala mukumva."

Kunja kunali kukuzizira, koma pamphumi pa a Levison panatuluka thukuta.

Tabita akapsa mtima pakamwa sipatsekeka, ndipo tsiku limenelo anachita kutsegula mpopi. Anawakumbutsa kuti lipoti likufunika sabata yamawa, ndipo dambo limodzi likapezeka ndi bodza anthu akayikira onse khumi ndi awiri. Anati anzawo amaponda matope, amalumidwa ndi udzudzu, ena amasiya khasu m'munda kuti ntchito iyende. Anati ngati ankaopa akuba akanangonena, loko ndi tcheni zikanabwera. Anati chimene chikumuwawa si kabokosi, koma kuti iye ankawaona ngati bambo ake.

Dzuwa linabisala kuseri kwa mabulugamu. Kanyale kofiira ka pa kabokosi kanathwanima, kusonyeza kuti kayamba kujambula. Tabita, akulankhulabe, anatulutsa kalata ija ndi cholembera, n'kuitsamiritsa pa chikwama.

A Levison anaiona. Ankadziwa bwino mmene nkhani imayendera kwawoko: pofika Lamulungu, mpingo wonse ukhala utamva kuti mkulu wawo wachotsedwa chifukwa cha bodza. Anakhala pa muzu wa mkuyu.

"Mayi, musanasaine," anatero motsitsa. "Achule ayamba kale kulira, eti? Ndikuuzeni zoona. Kabokosi sindinakasunthepo. Bodza langa lili pa fomu. Chiyambireni mvula ndimabwera pano, ndimaima mphindi zanu khumi zija, koma sindimva kanthu. Mawu a anthu ndimamva, koma achule ayi. Makutu andithera, mwana wanga. Ndimangolemba za chaka chatha, poopa kuti mukadziwa mundichotsa."

Cholembera chinaima m'malere. Kwa nthawi yoyamba chifikireni, Tabita anatseka pakamwa n'kutchera khutu. Anadikira mphindi imodzi, ziwiri, zisanu.

Makutu a mkuluyo analibe vuto lililonse. M'dambo lonselo, madzi ali tho ndipo mdima ukugwa, munalibe chule ndi mmodzi yemwe wolira.